Kuthamanga mtunda wautali m'tinjira ta m'mbali mwa mtsinje kuno ku Dedza, muyambe chonchi

Ambiri akaganiza zoyamba kuthamanga amangolunjika pa M1 poti ndi pomwe amaona anyamata a mpira akudutsa mmamawa. Koma msewu umenewu mukuudziwa nokha, mathiraki ochokera ku boda, maminibasi olimbirana anthu, akabaza, m'mphepete mwake munadyeka kalekale, ndiye munthu umathamanga khosi lili chotembenukira kumbuyo. Tala ndi woumanso, mawondo amadandaula. Chonsecho kuseri kwa midzi yathuyi kuli tinjira tambirimbiri totsata mitsinje, ta anthu opita ku madimba ndi kokamwetsa ng'ombe, dothi lofewa bwinobwino, pena mthunzi wa mikuyu ndi nsungwi, galimoto olo imodzi. Kungoti kumeneko kuli malamulo ake, ndipo lalikulu ndi loti muiwale za sipidi ndi makilomita, muziwerenga nthawi basi.

Dziwani kaye kuti kuno tili pamwamba. Dedza Boma ili pa mamita pafupifupi 1,600, nsonga ya phiri la Dedza ndi mamita 2,198, pomwe nyanja yathu ili pa mamita osafika 500. Mpweya wa kumtunda kuno ndi wopepuka, mukakoka kamodzi okosijeni amene walowa ndi wochepa kusiyana ndi wa ku Golomoti kapena ku Mtakataka. Ndiye ngati mwangosamukira kuno kuchokera kunyanja kapena ku Balaka nkumaona kuti kachitunda kakang'onong'ono kakukuchititsani wefuwefu, musadabwe, lipatseni thupi masabata awiri kapena atatu lizolowere. Ubwino wake ndi woti likazolowera mwapata. Akatswiri a ku Kenya aja amakachitira thireningi ku Iten, pamamita pafupifupi 2,400, pa chifukwa chomwechi, ife tinangopatsidwa ulele.

Mtsinje musachite kuufuna kutali. Wa pafupi ndi kwanu ndiye wabwino chifukwa mukafuna thiransipoti kuti mukathamange, sabata yachitatu mudzasiya. Amene muli cha ku Chimbiya ndi ku Linthipe muli ndi Linthipe yemweyo ndi timitsinje tothira mmenemo, chakumalire ndi Lilongwe kuli Diamphwe, anzathu a ku Ntcheu ali ndi Livulezi ndi Rivirivi, koma olo kakhwawa ka kuseri kwa mudzi kopanda dzina pa mapu kakwana. Musanathamangemo muyendemo kaye wapansi, masana, makamaka ndi munthu wa konko. Apa ndi pomwe ambiri amafuna kudumpha koma ndi pofunika kwambiri. Muone pomwe njira ikuthera pa mpanda wa dimba la munthu, pomwe pali ulalo wa mitengo iwiri yoola, pomwe gombe linagumuka ndi mvula ya chaka chatha, pomwe amayi amasamba, pomwe pali manda. Muonenso potulukira, kutanthauza tinjira tokwera kupita ku msewu wafumbi komwe mungapeze kabaza zitavuta. Tinjira timeneti timasinthanso ndi nyengo, komwe munadutsa mu Julaye mukapeza mu Seputembala wina watsekapo ndi minga wadzala matimati.

Poyamba ulendo, lunjikani kumtunda komwe madzi akuchokera, mubwerere motsata madzi. Zikuoneka zazing'ono eti? Njira ya m'mbali mwa mtsinje imaoneka yafulati koma madzi sayenda pafulati, amatsika. Mukayamba motsata madzi mumamva kupepuka, mumati lero ndili bho, mumapita kutali, kenako potembenuka ndi pomwe mumazindikira kuti kubwerera konse ndi chikweza, miyendo yatha kale, dzuwa lakwera, botolo lauma. Amene ali kufupi ndi mtsetse wotsikira kuchigwa, uku kwa Khwekhwerere, asamale kwambiri chifukwa kumeneko mitsinje imatsika mwaukali komanso mukamatsika kutentha kukuwonjezeka. Ndiye ngati mwapanga pulani ya ola limodzi, pitani kumtunda mphindi 30 kapena 32 nkutembenuka pomwepo, kaya mwafika pa mlatho munkaufunawo kaya ayi.

Tsopano za sipidi. Vuto la ife amuna makamaka, tikaona atsikana akuchapa kutsidya kapena ana ayamba kutitsatira, timaonjezera giya. Umenewo ndi moto wa mapesi, pakatha mphindi 10 mwagwira m'chiuno. Muyeso wake ndi wosavuta, muzithamanga pa liwiro loti mungathe kupereka moni wathunthu, mwadzuka bwanji amayi, kaya kunyumba, osadukizadukiza mawu. Mawu akayamba kutuluka limodzilimodzi ndiye kuti mwafulumira, chepetsani kapena yendani. Kuyenda si manyazi, olo akatswiri a mipikisano ya m'mapiri amayenda pa zitunda zoimirira. Ngati simunathamangepo kuyambira muli ku sekondale, yambani ndi masiku atatu pa sabata, osati otsatizana, mphindi 30 patsiku, kuthamanga mphindi 2 kuyenda imodzi, choncho choncho mpaka nthawi ikwane. Pakatha masabata atatu kapena anayi mudzaona nokha kuti mphindi yoyenda ija simukuifunanso kawirikawiri. Mukafika pothamanga mphindi 30 osaima, sankhani tsiku limodzi, ambiri amakonda Loweruka, likhale la ulendo wautali, ndipo tsiku limenelo lokha muziwonjezera mphindi 10 sabata iliyonse, masiku ena awiri aja asiyeni momwemo. Sabata yachinayi iliyonse bwererani mmbuyo, ngati munafika mphindi 70 chitani 45 kapena 50. Chifukwa chake nchoti mtima ndi mapapo zimazolowera msanga koma mafupa ndi mitsempha ya m'mapazi zimachedwa, ndiye mumamva ngati mungathe zambiri pomwe msongolo sunakonzeke, nkuona munthu wayamba kutsimphina mwezi wachiwiri.

Za makilomita ndati muiwale chifukwa kilomita ya m'kanjira ka mizu, mchenga ndi ngalande za m'madimba si yofanana ndi ya pa tala, ingakudyereni mphindi imodzi kapena ziwiri zoonjezera ndipo mukamayang'ana foni pafupipafupi mudzangokhumudwa zaziii. Ngati mumakonda Strava, pulogalamu ya pa foni yowerengera mtunda ndi nthawi, tsegulani, GPS imagwira olo mulibe bandulo, mukatumiza mukafika kunyumba, koma foniyo ikhale m'thumba. Kawotchi ka pamsika kakwana.

Maso akhale pansi, mamita atatu kapena anayi kutsogolo, osati pa zala zanu komanso osati kumapiri. Mukafuna kuona malo imani muone. Masitepe akhale afupiafupi, phazi lizitera pansi pa thupi, mukatalikitsa ndi pomwe mumaponda muzu mwam'mbali nkubinya kakolo. Mwala wa mumtsinje wobiriwira ndi ndere musaudalire olo ukuoneka waukulu bwanji, bola kuponda m'madzi momwemo nsapato inyowe kusiyana ndi kuterereka nkumenyetsa chiuno. Pa ulalo yendani. Dothi la makande la m'madambo likanyowa limamatirira kunsi kwa nsapato mpaka phazi kulemera, palani ndi kamtengo, musalimbane nalo. Miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala anyamata akatentha tchire nkukumba mbewa amasiya maenje m'mbali mwa njira, ena okwiririka ndi phulusa, pamenepo chepetsani ndithu.

Nsapato za kaunjika zilibe vuto, ambiri tikuthamangira zomwezo, kaya mwagula pa Boma kaya pa Lizulu tsiku la msika. Musatengeke ndi dzina kapena mtundu wowala. Itembenuzeni muone kunsi, pakhale timano togwira dothi, yosalala isiyeni. Ipindeni, izipindika kutsogolo komwe kuli zala osati pakati. Dinani mkati cha ku chidendene, ngati siponji yake inaphwa kale ndiye kuti mwini wake woyamba anaimaliza. Yesani madzulo mapazi atatupako, mutavala sokosi, ndipo kutsogolo kwa chala chachikulu kutsale kampata kolowa chala cha m'manja, apo ayi potsika zitunda zikhadabo zidzada nkuyamba kusupuka. Fungani mkati ndi dzanja kuti mulibe msoko wotukuka. Sokosi zikhale zazitaliko chifukwa cha chisoso ndi udzu wa mame, ndipo pakani Vaseline pakati pa zala, m'ntchafu ndi m'khwapa musananyamuke, amuna pakaninso pa nsonga za mabere, musaseke, sikipa yonyowa ndi thukuta ikakhula kwa maola awiri pamatuluka magazi. Kuzizira kwa Juni ndi Julaye mukukudziwa, m'madambo a ku Bembeke mmamawa zala zimachita kufa, komabe musavale jekete lalikulu, valani masikipa awiri kapena kajuzi kopepuka koti mukatenthedwa mumange m'chiuno.

Chomwe ndikufuna mumvetse kwambiri ndi ichi, kanjira kameneko si kanu. Inu mwabwera kudzatulutsa thukuta, eni ake abwera kudzagwira ntchito, wina wasenza ndowa, wina makeni awiri othirira kabichi, wina akukusa ng'ombe, wina wakwezera matumba a kachewere pa njinga. Amene wasenza katundu mpatukireni ndinu. Mukamamupeza munthu chakumbuyo lankhulani muli patali, zikomo kumeneko, osangomutulukira paphewa mwakachetechete, agogo angagwe ndi mantha nkutaya ndowa. Mukayandikira dooko pomwe anthu amasamba, imani patali muitane, odi kumadziko, mudikire akuyankheni, ndipo akati dikirani mudikire ndithu olo Strava ikuwerenga. Abambo ambiri a m'tauni anaiwala zimenezi ndipo ndi zomwe zimafikitsa munthu pabwalo kwa amfumu. Mpanda wa dimba musadumphe, ngalande yothirira musaigumule ndi phazi, nzimbe ndi mapichesi za m'mbali mwa njira zili ndi eni ake, pemphani kapena gulani.

Nkhalango yowirira yomwe yatsala yokha pakati pa minda nthawi zambiri ndi manda, ndipo kwa Achewa kuno malo amenewo salowa chisawawa, pena ndi komwe kuli dambwe. Njira ikamalowera kumeneko izungulireni. Nyengo yokolola ikatha gule amachuluka, mukakumana ndi zilombo panjira patukani muime pambali mwaulemu, ngati muli ndi kandalama ikani pansi, foni musatulutse kuti mujambule. Chinanso, munthu wachilendo wothamanga mbandakucha pafupi ndi madimba amaoneka wakuba, ndipo tonse tikukumbuka mmene mphekesera za anamapopa zinaphetsera anthu osalakwa mu 2017 kumwera kuja. Choncho ngati mudzi si wanu, kaonekereni kwa amfumu kapena kwa akuluakulu a pamenepo tsiku loyenda wapansi lija, munene kuti ndine uje, ndimakhala pakuti, muzindiona ndikudutsa mmamawa. Nyamukani kutayera, osati kuli mdima. Pakatha masabata ochepa amakhala akukudziwani, ena nkumakufunsani mwanthabwala kuti kodi akukuthamangitsani ndani lero, ndipo tsiku lomwe mwabinya phazi ndi omwewo adzakuitanireni njinga.

Achemwali ndi amayi, thamangani awiriawiri kapena ndi gulu, ndipo kunyumba adziwe njira yomwe mwatenga ndi nthawi yobwerera. Podutsa pakati pa mudzi ambiri amamangira kachitenje pamwamba pa thayiti nkukachotsa akafika kutchire, zimachepetsa zoyankhulayankhula. Onena kuti kuthamanga ndi kwa amuna muwakumbutse kuti mendulo ya siliva ya mamita 5,000 pa mpikisano wa achinyamata wa dziko lonse lapansi mu 2004 ku Italy anabwera nayo kuno ndi Catherine Chikwakwa.

Chitedze muchidziwe maonekedwe ake musanachidziwe ndi khungu. Chimayanga m'mabango ndi m'zitsamba za m'mbali mwa mitsinje, makamaka kotsika kofunda, zikhokhombe zake zopindika zaubweya wofiirira zimalendewera pa msinkhu wa phewa ndi khosi, ndipo zikauma m'chilimwe kungogwedeza nthambi ubweya uja umauluka. Chikakugwerani musakande, mukungochilowetsa, vulani sikipayo, ena amapaka matope nkudikira aume kenako nkutsuka. Linthumbu likadutsa panjira lumphani, musaime pafupi kumanga zingwe za nsapato. Njoka zambiri zimathawa zikamva mapazi koma mphiri sithawa, imangogona panjira kuothera dzuwa, nchifukwa chake maso pansi. Ikakulumani musacheke, musayamwe, musamange mwendo mothinitsa, khalani phee anthu akunyamuleni kupita ku chipatala. Agalu ndiye vuto la tsiku ndi tsiku. Galu akakulondolani imani, mutembenukire, weramani ngati mukutola mwala, ambiri amabwerera, kenako chokani poyenda. Akakulumani olo pang'ono tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 nkupita ku chipatala tsiku lomwelo, chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro sichichizika. Ng'ona kumtunda kozizira kuno si nkhani kwenikweni koma mukatsikira kuchigwa kufupi ndi nyanja funsani eni dera musanayandikire madzi.

Madzi a mumtsinje musamwe olo akuoneka oyera bwanji. Kumtunda kwake wina wachapa matewera, wina watsukiramo sipuleya ya mankhwala a matimati, ng'ombe zamwa nkusiya zake, ndipo kolera wa 2022 mpaka 2023 uja anapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno. Nyamulani anu a pa mjigo kapena othira klorini. Ulendo wosakwana ola m'nyengo yozizira mungathe osanyamula kanthu bola mwamwa musananyamuke, koma ukapitirira ola tengani botolo la theka la lita muzimwa pang'onopang'ono, ndipo mu Okutobala ndi Novembala onjezerani komanso nyamukani kukangoyera. Mukatuluka thukuta lambiri mpaka sikipa kuchita mizere yoyera ya mchere, sungunulani paketi ya Thanzi ORS mu lita imodzi, kapena pangani nokha, lita imodzi ya madzi abwino, masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Kusamba pa dziwe mukamaliza kumakoma koma madzi odekha a m'mabango ndi momwe mumakhala nkhono za likodzo, tizilombo take timalowera pakhungu, ndiye kasambeni kunyumba. Mukadzaona magazi mu mkodzo pitani akakuyezeni, mankhwala ake alipo.

Zakudya musavutike nazo. Nsima ya dzulo madzulo ndiye mafuta anu a mmamawa. Musananyamuke kanthochi kamodzi kapena kambatata kophika ndi tiyi pang'ono, osati chipisi cha pachiwaya, chimenecho chimabwerera kukhosi. Ulendo ukapitirira ola ndi theka ikani nthochi ina kapena timbatata m'kajumbo muzidya pakatha mphindi 40 zilizonse, musadikire njala, ikafika miyendo imangozima. Kajumboko mubwerere nako. Mukafika kunyumba phala la mgaiwa lothira nsinjiro, thobwa, mazira ngati alipo, masana nsima ya nyemba kapena usipa, basi.

Dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, mtsinje umasintha khalidwe. Mvula ingagwe kuphiri inu kuno kuli dzuwa, madzi nkufika mwadzidzidzi, ofiira, atanyamula zitsotso ndi mapesi. Mukaona madzi ayamba kuda kapena mukumva mkokomo kumtunda kwerani pamtunda msanga. Madzi othamanga ofika m'mawondo musawoloke, zungulirani ku mlatho olo kutalike, ndipo kukayamba ziphaliwali musabisale pansi pa mtengo wautali womwe uli wokha. Masiku oterewa ine ndimaona kuti bola kungothamanga mu msewu wafumbi wa kumtunda, kumtsinje mudzabwerera mu Epulo udzu ukayamba kugwa.

Kuwawa kwa akatumba ndi ntchafu tsiku lotsatira ndi kwabwinobwino, kumatha pakadutsa masiku awiri kapena atatu. Koma kuwawa kwa malo amodzi, koti mungaloze ndi chala pa fupa, komwe kukukulirakulira mukamathamanga, kumeneko pumani sabata yathunthu ndipo kukapanda kusintha kaonaneni ndi adokotala. Mukadwala malungo musathamange mpaka mutamaliza mankhwala ndi kupezanso mphamvu. Amene muli ndi BP, shuga kapena mphumu, kapena zaka zapitako ndipo simunachitepo masewera, yambani mwakayezetsa, ndipo aliyense akamva kuthina pachifuwa kapena chizungulire aime pomwepo.

Mukafika poti Loweruka mukutha maola awiri muli bwinobwino, makilomita 21 a mpikisano wothamanga wa Be More Race ku Lilongwe mungawathe, amenewa ndi pafupifupi theka la marathoni yomwe ndi makilomita 42.195. Kungoti umenewo ndi wa pa tala, ndiye mwezi womaliza muzichitako tsiku limodzi pa sabata pa msewu wouma kuti mapazi asakadabwe, ndipo ku Lilongwe nkofundirako kuposa kuno, kamweni madzi pa malo aliwonse omwe akugawa. Ngati mtima uli pa mpikisano wa Porters Race wa ku Mulanje, wa makilomita pafupifupi 25 wokwera phiri nkutsika, mtsinje wokha sukwana, muzisinthanitsa ndi kukwera phiri la Dedza mpaka ku ma tawala, ndipo muphunzire kutsika, chifukwa ntchafu zimathera potsika. Masabata awiri omaliza chepetsani maulendo ndi theka, ndipo nsapato yatsopano musakaiyambire tsiku la mpikisano, valani yomweyo yakumtsinje mutaichapa nkuiyanika pamthunzi mutachotsa kansalu ka mkati.